Ananyoza Manja a Mwana Wanga, Lelo Akuwafuna

Aphungu,

Ndine mlimi wa chimanga ndi nshawa kufupi ndi Minga, ndipo imvi zinandiyamba kale. Si khalidwe langa kuyanika za m'nyumba pabwalo, koma nkhani iyi yandikanika kumeza, n'chifukwa chake ndakulembelani pa foni.

Ndili ndi mwana mmodzi wamkazi, dzina lake Jennipher. Amai ake anatisiya iye asanayambe sukulu. Ndinamulela ndekha, abale akundiuza kuti mwamuna sangalele mtsikana. Mwana ameneyu anaphunzila kuluka tsitsi pa ndevu za chimanga. Ine ndili pa ntchito m'munda, iye ali kumapeto kwa mzele, chimanga chapamenepo chitalukidwa ngati chikupita ku ukwati. Lelo ali ndi saluni yakeyake pafupi ndi msika pa boma la Petauke, dzina lake litalembedwa pakhomo ndi penti yabuluu. Azimai amakwela basi kuchokela ku Nyimba kudzalukitsa kwa iye. Ndikamadutsa pamenepo pa njinga ndimachita dala kuliza belu, anthu adziwe kuti atate ake akudutsa.

M'nyengo yozizila yapitayi, pamene kolona inavuta kuno, Jennipher anadwala. Zinayamba ndi mutu ndi kuphwanya m'thupi, kenaka anazindikila kuti mankhwala owongolela tsitsi, aja amanunkha mpaka kumsewu, sakuwamvanso fungo. Sanabise. Anatseka saluni, anakapimitsa, anamupeza nako kachilomboko, ndipo anabwela kumudzi kudzadzitsekela m'kanyumba kakuseli. Ine ndinkamuikila chakudya pakhomo n'kubwelela. Mulungu ndi wabwino, sanafike pobanika.

Koma atayamba kupeza bwino panabuka zina. Zala za kumapazi zinatupa, zinada ngati mabulosi akupsa, zikuyabwa ndi kuwotcha. Kenaka zinagwila zala zina za m'manja. M'mikono munkatuluka ziwengo, m'mawa zili apa, masana zasowa, madzulo zatulukila pena. Iye anati mwina ndi mphepo chabe. Masiku odzipatula atatha anabwelela ku boma n'kutsegula saluni.

Apa ndikuuzeni za Fredrick. Ndi mnyamata woyendetsa galimoto yonyamula nthochi kuchokela ku Nyimba, ndipo ndi amene anafunsila Jennipher. Ankhoswe anali atabwela kale, tinali kukambilana za tsiku. Fredrick naye ndi wamasiye, analeledwa ndi azakhali ake, amai Njobvu, omwe amagulitsa zitenje ku Nyimba. Mai ameneyu akanena mau kwao palibe wowonjezela.

Amai Njobvu anabwela ku saluni kudzalukitsa, komanso ndikhulupilila kudzaona mtengwa wao. Munali azimai ena akudikila. Mutu utafika pakati, anayang'ana pa galasi n'kuona zala za Jennipher. Anadzambatuka pa mpando, theka la mutu lolukidwa, theka lili nyankhalala.

"Chotsa manja ako pamutu panga, iwe mtsikana! N'chiyani ichi?"

Jennipher anati, "Amai, zayamba nditadwala kolona."

"Kolona ni chifuwa. Unamvapo kuti chifuwa chimadya zala? Ili ni khate, ndipo ngati si khate ni matenda a kuyendayenda. Mwana wanga sangalowe m'manda ndikuona."

Anamanga duku n'kutuluka. Dzuwa lisanalowe msika wonse unali utamva. Ena anawonjezela zao, akuti Jennipher anakatenga mankhwala okokela makasitomala ndiye anaphonya chizimba. Saluni inakhala mbee. Ankhoswe anatumiza mau akuti za tsiku zija tiyambe taima. Ku tchalitchi amai ena omwe ndinawapalila munda amuna awo akudwala anabweza dzanja pamene Jennipher anafuna kuwapatsa moni.

Ine ndinafuna kukwela basi kupita ku Nyimba ndi ndodo. Jennipher anandiletsa. Anamuitana Fredrick n'kumuuza pamaso panga kuti, "Azakhali ako atchula matenda awili. Tiye tonse ku chipatala, tikapimitse onsewo, iwe ndi ine." Mnyamatayo anapita, pamenepo ndisamunamizile. Onse anapezeka alibe kachilombo ka edzi. Adokotala anayang'ana zalazo, anamubaya pang'onopang'ono kuti aone ngati zikumva, n'kunena kuti si khate. Anati zotele anazionapo kwa achinyamata ena amene anadwala kolona, ndipo sizipatsilana pogwilana. Anamupatsa mafuta opaka ndi mapilitsi oletsa kuyabwa. Fredrick anakauza azakhali ake. Iwo anati madokotala amabisa. Mnyamata sanawatsutse, anangoyamba kubwela mwa apo ndi apo ngati mvula ya mu Okutobala.

Tsopano mumve chimene mwana wanga anachita. Anandiimbila foni. "Atate, mailo muvale jekete lanu la ku tchalitchi, mubwele ku saluni."

Ndinati, "Kukatani?"

"Tsitsi lanu lakula."

Aphungu, ine dazi linandilanda theka la mutu kalekale. Koma m'mawa mwake ndinapita. Linali tsiku lodzaza anthu pa msika. Jennipher anatulutsa mpando n'kuuika panja, pakhonde, poonekela kwa aliyense. Anandikhazika, anandifunditsa nsalu, anaimika manja ake m'mwamba n'kulankhula mokweza ngati woyendetsa mwambo wa ukwati.

"Amai, bwelani pafupi muone, musamve za m'maluwa. Manja ni awa. Ndinadwala kolona, sindinabise, ndinachila. Izi ni zotsalila zake. Si khate, si mphele, si chizimba. Mutu uwu ni wa atate anga, ndipo atate ndili nawo amodzi chabe. Ndikanakhala ndi chowapatsila sindikanaugwila."

Anandimeta mosafulumila, akundigwila m'makutu, m'khosi, pamphumi, anthu ataunjikana. Ndinkafuna kuimilila pa mpando paja n'kukuwa kuti mwamuona, ndinamulela ndine ameneyu! Atamaliza kupukuta dazi langa, amai Hellen ogulitsa tomato anakankha anthu n'kunena kuti, "Chokani apa bambo, kwanu kulibe ntchito, ine ndili ndi ukwati Loweluka." Anthu anaseka, ndipo kuyambila tsiku lija mpando sunazizilenso. Zala zinasenda khungu, zinaphwa, tsopano kwatsala timabala takuda tomwe tikuzimilila.

Nkhani ikanathela pamenepo sindikanakuvutitsani. Koma dzulo madzulo Fredrick anafika pakhomo panga, Jennipher alipo, chipewa chili m'manja. Anati mdzukulu wa amai Njobvu, kamtsikana kotchedwa Goodness ka giledi thu, kadwala. Thupi likutentha masiku angapo osatsika, katuluka zidzolo thupi lonse, maso afiila, milomo yang'ambika, kakulila m'mimba ndipo kakusanza. Anaulula kuti mwezi watha nyumba yonse inatsokomola ndipo amai Njobvu anasiya kumva kukoma kwa ndiwo, koma analetsa aliyense kukapimitsa. Mwanayo amutsekela m'nyumba, akumupaka phulusa ndi mankhwala a m'botolo. Akuopa kupita naye ku chipatala chifukwa anthu aona zidzolozo n'kuwabwezela mau awo omwe. Ndiye atuma Fredrick kuti Jennipher abwele mwakachetechete ndi mafuta aja anamupatsa adokotala.

Mwakachetechete, Aphungu! Kutukwana kunali pagulu, kupempha kukhale kwa kuseli? Ndinamuuza Fredrick kuti, "Ukawauze azakhali ako abwele pa msika pa Petauke, ayime pamene anayima, abweze mau awo. Akatelo mwana wanga akwela basi." Jennipher anati, "Atate, Goodness sanatukwane munthu." Ndinati ndanena ndanena. Poti si mwana wobweza mau kwa kholo, anangodya pang'ono.

Ndithandizeni. Kodi ndi zoona kuti kolona imafika pakhungu, ndipo imafikapo bwanji poti ndi matenda a m'chifuwa? Ndifuna ndimvetse, kuti wina akandifunsa ndiyankhe ngati munthu wodziwa. Kodi mafuta a Jennipher angamuthandize mwanayo? Ndipo kodi ndalakwa kufuna kuti dzina la mwana wanga litsukidwe pamalo pamene linadetsedwa?

Ndine,
B.L.M., Petauke


Bambo B.L.M.,

Inu mukudziwa kale, koma owelenga adziwe kuti yankho lanu sindinalidikilitse tsiku la nyuzipepala. Nditawelenga za maso ofiila ndi milomo yong'ambika ndinakuimbilani nthawi yomweyo. Ndinagwilapo ntchito ya unamwino ndisanayambe kulemba danga lino, ndipo zizindikilo zimenezo sizidikila kuti akuluakulu apepesane. Ndinakuuzani kuti mwanayo apite ku chipatala tsiku lomwelo. Mukukumbuka zimene munandiyankha? Munati, "Aphungu, mwachedwa. Jennipher wakwela basi yoyamba ya ku Nyimba. Wangondisiyila madzi osamba pamoto n'kupita." Munkayesa kulankhula ngati munthu wokwiya, koma mau anu ankaseka. Ndipo pamene munandiimbila pambuyo pake munati mafuta aja sanawatenge n'komwe. Anafika, anamuona mwana, anamubeleka kumbuyo, n'kuuza amai Njobvu kuti, "Mangani duku mutilondole, kapena tsalani." Mai uja anamulondola. Goodness anagonekedwa, ndipo mwandiuza kuti thupi latsika, wayamba kumwa phala.

Nyadani, bambo. Muli ndi chifukwa.

Tsopano funso lanu. Inde, ndi zoona, kolona imaonekela pakhungu mwa anthu ena, ngakhale si ambili. Imalowela m'mphuno ndi m'kamwa, koma nkhondo yake simathela m'chifuwa. Kachilombo kakalowa, chitetezo cha m'thupi chimadzuka, ndipo chimayenda ndi magazi kufika paliponse. Mwa anthu ena, makamaka achinyamata amphamvu ngati Jennipher, chitetezocho chimamenya mwaukali kotelo kuti matendawo sawagwetsa kwenikweni, koma ukali womwewo umatupitsa timitsempha ting'onoting'ono ta magazi ta kumapeto kwa zala. Magazi akamadutsa movutika pamenepo, chala chimatupa, chimawotcha, chimasintha mtundu. Mphepo ya mu Juni imawonjezela. Pa khungu loyela zimaoneka zofiila. Pa khungu lathu zimaoneka zakuda kapena zofiilila ngati mabulosi munanena aja, n'chifukwa chake ambili sazizindikila. Kawilikawili zimabwela munthu atayamba kale kuchila, ndipo zimatha zokha pakapita milungu. Ndikuuzeni chilungamo: akatswili sanagwilizane zonse za zala zimenezi, akufufuzabe. Koma kuti si khate, adokotala anakuuzani zoona. Khate limabwela pang'onopang'ono kwa zaka, ndipo pamalo pamene lagwila pamachita dzanzi, sipamva kukhudza. Zala za Jennipher zinkamva mpaka kumusowetsa mtendele.

Ziwengo zosamukasamuka zija gwelo lake ndi lomwelo, chitetezo cha m'thupi chikutulutsa mankhwala ake oyabwitsa, monga chimachitila munthu akadya chakudya chosamuyanja. Ena amatuluka tizidzolo tofanana ndi chikuku, ena timatuza tamadzi. Ena tsitsi limathothoka patapita miyezi, kenaka limamelanso. Muuzeni Jennipher zimenezi, chifukwa mitu yotele idzafika pa mpando wake ndipo eni ake adzakhala ali ndi mantha. Palinso zidzolo zina zomwe kolona imangonamizilidwa: zobwela ndi mankhwala amene wodwala wamwa, makamaka ogula m'misika popanda kulembeledwa, ndi manja ong'aluka chifukwa cha sopo ndi sanitaiza. Zidzolo za kolona pazokha sizipatsilana pogwilana. Chopatsilana ndi kachilomboko, kudzela mu mpweya ndi malovu, pa masiku amene munthu akudwala.

Za Goodness ndi nkhani ina, ndipo apa makolo onse atchele khutu. Mwa ana ochepa, patapita milungu kolona itadutsa m'nyumba, chitetezo cha m'thupi chimalusa mochedwa n'kuyamba kutupitsa ziwalo zam'kati, ngakhale mtima. Mwanayo mwina sanatsokomole n'komwe. Amatentha thupi osatsika, zidzolo, maso ofiila, milomo yong'ambika, m'mimba, kusanza, kufooka. Sindinganene ndili pano kuti Goodness wadwala zimenezi, poti chikuku ndi matenda ena amabwelanso ndi nkhope yofanana. Anene ndi amene akumuona. Koma chilichonse mwa izi ndi cha ku chipatala, si cha mafuta a mnzako. Mwafunsa ngati mafuta a Jennipher akanathandiza. Iyai. Akanangofewetsa khungu, matenda akudya m'kati.

Chochita ndi ichi. Zala za Jennipher azizifunditsa kukazizila, asaziwothetse pa mbaula, asazikande. Povala nsapato zikhale zosathina. Pogwila mankhwala a tsitsi avale magolovesi mpaka khungu litalimba. Zikabwelanso, kapena pakatuluka bala losapola, abwelele kwa adokotala. Ngati inu ndi iye simunabayitse katemela, kafunseni ku chipatala tsiku loyenela. A kwa amai Njobvu akauze adokotala zoona zonse, za chifuwa cha mwezi watha, za phulusa, za botolo lija, alitenge akalionetse. Manyazi asawabisitse kanthu, chifukwa dokotala wonamizidwa amachiza matenda ena. Goodness akatuluka, masiku onse amene adokotala adzanene kuti abwelenso akapimidwe asaphonye, ngakhale azioneka akuthamanga pabwalo.

Tifike pa funso limene likukuwawani. Simunalakwe kufuna kuti dzina la mwana wanu litsukidwe. Mau a amai Njobvu anali oipa, ndipo akanakhala kuti Jennipher anapezekadi ndi khate kapena edzi akanakhalabe oipa, poti onsewo ndi matenda a mankhwala, si milandu. Pamene munaphonya ndi pamtengo wake. Munaika kamwana ka giledi thu kukhala chikole cha mlandu wa agogo ake. Komanso taganizani, bambo, dzinalo ndani angalitsukenso? Mwini wake analitsuka kale, msika wonse ukuona, popanda chilolezo cha amai Njobvu. Chimene mukufuna inu tsopano si kutsuka dzina, mukufuna kuona mai uja atagwada. Ndikumvetsa, ndine kholo nanenso. Koma musachite.

Kupepesa kuyenela kukhalapo, ndipo kuli ndi njila yake. Goodness akachila, itanani ankhoswe a mbali zonse, mukhale pansi pakhomo panu. Amai Njobvu anene ndi pakamwa pao, Jennipher akumva, kuti ananama. Azimai amene anali mu saluni tsiku lija, amai Njobvu akawauze okha, mmene angathele. Mukawakokela pa msika adzapepesa ndi milomo, mtima n'kusunga chakukhosi, ndipo mwana wanu ndi amene adzadya nawo mbale imodzi zaka zonse.

Koma izo ndi ngati adzadye nawodi. Pa nkhani ya Fredrick musafulumile kubwezela tsiku la ukwati. Mnyamatayu anapita kokapimitsa, anaululanso za chifuwa chimene azakhali ake ankabisa. Zimenezo mumuwelengele. Koma pamene bwenzi lake linkalozedwa zala iye anakhala chete. Jennipher amufunse maso ndi maso kuti tsiku lina azakhali akadzanenanso zotele iye adzaima kuti, ndipo amvetsele bwino yankho. Akasankha kupitiliza, mudalitseni. Akasankha kusiya, mudalitseninso. Mtsikana amene anaima yekha pamaso pa msika safunika kumusankhila mwamuna.

Chenjezo langa ndi ili, kwa inu ndi kwa onse owelenga. Poti mwamva kuti kolona imafika pakhungu, musayambe kutcha chidzolo chilichonse kolona n'kukhala pakhomo kudikila chithe. Chala chakuda mwa munthu wa shuga kapena wachikulile, chozizila, chosamva, ndi changozi. Zidzolo zobwela ndi kubanika, kutupa milomo kapena nkhope, kuuma khosi, zilonda m'kamwa ndi m'maso, kapena mwana wotentha thupi ndi wofooka, zimenezo nyamukani nthawi yomweyo. Ndipo inu bambo B.L.M., ndikudziwa kuti mwayamba kale kufotokozela anthu pa chigayo za timitsempha ta magazi. Fotokozani, koma mukamaliza muziwalozela njila ya ku chipatala, musasanduke dokotala wa ku Minga.

Jennipher akabwela kuchokela ku Nyimba adzafika akuyang'ana pansi, poti akudziwa kuti anaphwanya mau anu koyamba m'moyo wake. Musamudikile pa mpando. Mukamuchingamile ku msewu, mumulandile chikwama.

Aphungu